Musanakumbe maziko a khola, chigafa kapena shedi, tsatani njira iyi

Khola langa la nkhumba linali litafika pa mzere wachisanu ndi chiwiri wa njerwa tsiku limene kunabwera anthu awiri a kukhonsolo pa njinga yamoto. Ndinkamanga pa malo amene ndinagula kumapeto kwa tauni, kuseri kwa nyumba zomalizira, kumene anthu amalimabe chimanga ndi mbatata. Kwa ine kumeneko kunali kumudzi, koma pa mapu a khonsolo anali malo okhala anthu. Anandifunsa pulani yovomerezeka, ndinalibe. Anandifunsa ngati alangizi a zaumoyo anafikapo, popeza chitsime cha aneba chinali chakumunsi kwa khomalo. Sanafikepo. Anasiya kalata yoimitsa ntchito. Mmisiri anapita kukagwira kwina atalandira kale theka la ndalama, matumba a simenti amene ndinaunjika pakhonde anagwira chinyezi cha mvula yoyamba n'kuuma gwa, ndipo pamapeto pake khoma lija ndinaligwetsa ndekha n'kukayambiranso pena. Anthu aja sanandilakwire. Ndowe za nkhumba zikanatsikira m'madzi amene ana a mnzanga amamwa.

Ndikulembera inu amene mukufuna kumanga khola la ng'ombe, mbuzi, nkhumba kapena nkhuku, chigafa kapena balani ya fodya, kaya shedi yosungiramo feteleza ndi zokolola. Zimene ndinaphunzira mochedwa, inu muzidziwe khasu lisanagunde pansi.

Kale, pansi pa lamulo la Town and Country Planning Act la 1988, nkhani ya chilolezo inkakhudza mizinda, matauni ndi madera ena amene boma linawatchula. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo atsopano a za malo, ndipo limodzi mwa iwo, Physical Planning Act, linaika dziko lonse la Malawi pansi pa ndondomeko ya mapulani. Malamulowa anakonzedwanso mu 2022. Choncho mawu aja akuti "kuno n'kumudzi, safunsa" sangakutetezeni masiku ano. Koma musachite mantha ngati kuti nkhokwe iliyonse ya nsungwi ikufuna kalata ya kwa DC. Lamulo lomwelo lili ndi mndandanda wa ntchito zololedwa popanda kupempha chilolezo. Chanu n'kudziwa mbali imene chomanga chanucho chagwera.

Yambani ndi mwini malo

Ambiri timathamangira kwa mmisiri. Funso loyamba si la njerwa ayi, ndi lakuti: nthaka imeneyi ndi ya yani, ndipo muli ndi chiyani m'manja chosonyeza zimenezo? Kukhonsolo sadzayang'ana pulani yanu asanaone kuti muli ndi ufulu womanga pamenepo.

Ngati ndi malo a makolo, yambirani kwa amfumu. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linakhazikitsa makomiti a malo pa gulupu aliyense: agulupu ndiwo wapampando, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa ndi mudzi, ndipo osachepera atatu mwa iwo akhale amayi. Ntchito yolembetsa minda ya makolo inayambira m'maboma ochepa monga Kasungu, Phalombe ndi Rumphi, ndipo ikufalikira pang'onopang'ono. Ngati kwanu komiti ilipo, idziwitseni. Ngati munda wanu unalembetsedwa, chikalata chimenecho ndicho chida chanu chachikulu. Ngati zonsezi sizinafike, pemphani amfumu akulembereni kalata yodinda, yotchula malire ndi mayina a anthu amene mwachita nawo malire mbali zonse zinayi. Aitaneni anthuwo, muyende nawo m'malire dzuwa likuswa mtengo, aliyense aloze yekha chulu, nkhadze kapena mtengo umene ukulekanitsa minda.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa mikangano yambiri ya makola siyambira kuboma, imayambira m'banja. Bambo amene ali pachikamwini akamanga balani ya njerwa ndi malata pa nthaka ya kuchikazi, adziwe kuti nthakayo ndi ya mbumba ya mkazi wake. Banja likatha, kapena mayiyo akatisiya, balani sanyamula pamutu. Chimodzimodzi mayi amene ali pachitengwa n'kumanga khola la ng'ombe ya mkaka ndi ndalama za kubanki m'khonde. Khalani pansi ndi eni mbumba, amalume akhalepo, amfumu akhalepo, mugwirizane kuti chomangacho ndi cha yani, ndipo zikavuta malata, zitseko ndi ziweto zidzapita kuti. Zilembedwe. Anthu ena amati kulemba zotere n'kulodza banja. Ine ndaona ana amasiye akulandidwa makola amene bambo awo anamanga ndi thukuta, chifukwa choti panalibe pepala lililonse.

Pa munda wobwereka kapena wa lendi, musamange cha simenti popanda mgwirizano wolembedwa wotchula zaka. Chigafa cha mitengo ndi udzu chokwanira nyengo imodzi kapena ziwiri n'chokwana. Mwini munda akaona kuti fodya wayenda bwino akhoza kuufuna munda wake chaka chamawa.

Ngati muli ndi lizi, itulutseni muiwerenge yonse. Malizi a ulimi ambiri ndi a zaka 21, ndipo ena a maesiteti akale anatha osawonjezeredwa. Onani ngati yanu ikadali ndi moyo, ngati msonkho wa malo munalipira, ndiponso ntchito imene lizi inalola. Malo amene anapatsidwa kuti pakhale nyumba sungawasandutse famu ya nkhuku osapempha kusintha ntchito ya malowo ku unduna wa za malo. Ndipo inu amene munagula puloti mkati mwa malire a Lilongwe, Blantyre, Mzuzu kapena Zomba ndi kalata ya mfumu yokha, dziwani kuti khonsolo ya mzinda siitenga kalata imeneyo ngati umboni wa umwini. Malo a mumzinda ali ndi eni ake odziwika: unduna wa za malo, khonsolo, Malawi Housing Corporation, kapena munthu wokhala ndi chikalata. Konzani zimenezo kaye.

Yendani pamalopo ndi tepi

Pali malo amene ngakhale ali m'munda mwanu simungamangepo. Msewu uli ndi malire ake. Pa misewu ikuluikulu monga M1, malirewo ndi mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu, ndipo a Roads Authority amaika zipilala zosonyeza pamene afika. Misewu ing'onoing'ono malire ake ndi ocheperapo, koma alipo. Chomanga m'malire a msewu chimagwetsedwa, ndipo musayembekezere chipukuta misozi. Ndikudziwa kuti shedi ya pamsewu ndi yabwino pokweza mabelo ndi matumba m'lole. Lambulani kanjira kolowera, shedi ikhale kumbuyo kwa zipilala.

Pansi pa mawaya a ESCOM musamangepo chilichonse, makamaka cha denga la udzu. M'mbali mwa mtsinje ndi m'dambo mupewe. Amene anaona Cyclone Freddy mu Malichi 2023 akudziwa kuti khwawa louma limakumbukira njira yake. Funsani agogo a m'mudzimo pamene madzi anafika chaka cha mvula yoopsa kwambiri, ndipo mumange kumtunda kwa pamenepo.

Kenako madzi akumwa. Khola ndi dzenje la ndowe zikhale chakumunsi kwa chitsime kapena mjigo, ndipo zitalikirane nawo mamita osachepera 30, monga momwe a zaumoyo amalangizira pa zimbudzi. Pa nthaka ya mchenga onjezeranipo. Imani pamalopo madzulo mumve kumene mphepo ikulowera. Fungo la nkhumba ndi ntchentche za m'khola la nkhuku zikamalowa m'khitchini mwa mnzanu, akhoza kukadandaula, ndipo lamulo la Public Health Act limapatsa khonsolo mphamvu yochotsa chilichonse chosokoneza umoyo wa anthu, kaya chili ndi pulani kaya chilibe. Balani yotenthetsa ndi nkhuni italikirane ndi nyumba, nkhokwe ndi zigafa. Moto wa m'balani ukathawa mu Febuluwale fodya ali thothotho, palibe chopulumuka.

Mukatha kuyendako, pitani kwa aneba musanapite ku ofesi iliyonse. Auzeni chimene mukufuna kumanga, pati, ndi momwe mudzasamalire ndowe. Munthu amene wauzidwa mwaulemu nthawi zambiri amathandiza. Amene wangodzuka n'kuona maziko pafupi ndi mpanda wake ndi amene amakwera njinga kupita kuboma.

Ulendo woyamba wa kukhonsolo ndi wongofunsa

Ulendo uwu sufuna ndalama zina kupatula thiransipoti. Mumzinda funsani dipatimenti ya mapulani ku ofesi za khonsolo. Kuboma, pitani ku ofesi ya DC mufunse a DPD (mkulu woona za mapulani ndi chitukuko paboma), ofesala wa za malo, kapena woona za mapulani. Tengani chiphaso cha unzika, mapepala a malo, ndi pepala limene mwajambulapo nokha: munda, msewu, nyumba, chitsime, mtsinje, ndi bokosi losonyeza chomangacho, mutalemba mulitali ndi mulifupi mwake m'mamita. Zithunzi za pafoni zimathandizanso.

Funsani molunjika: "Bwana, ndikufuna kumanga khola la mbuzi 15 la m'mwamba, la mitengo ndi malata, mamita 6 kwa 3, pamalo awa. Kodi likufunika chilolezo, kapena lili m'gulu la zololedwa?" Akati silikufunika, pemphani akulembereni, ngakhale mizere iwiri yokha yokhala ndi chidindo ndi tsiku. Maofesala amasamutsidwa, ndipo wobwera pambuyo sadzadziwa zimene mnzake ananena pakamwa. Ngati kulemba kwavuta, lembani nokha m'kope dzina la udindo wa amene mwalankhula naye, tsiku, ndi yankho lake.

Nenani zoona. Khola la nkhuku za nyama 2,000 musalitche kakhola. Shedi imene mukufuna kudzaikamo chigayo kapena kugulitsiramo feteleza musaitche nkhokwe. M'mene ndaonera, chimene chimasuntha chomanga kuchoka ku zololedwa kupita ku zofuna chilolezo ndi kukula kwake, kulimba kwa zipangizo, dera limene chili, ndi kuti kaya n'cha pakhomo kapena cha malonda. Nkhokwe, khola la nkhunda ndi chigafa cha udzu pakati pa mudzi si nkhani imodzi ndi nyumba ya mabuloko ya mamita 30 yokhala ndi magetsi ndi antchito. Mukabisa lero, mudzaulula tsiku lopempha magetsi, laisensi ya bizinesi kapena ngongole ya kubanki, ndipo pamenepo chomangacho chidzakhala chitaima kale molakwika.

Funsaninso za malamulo a khonsoloyo. Lamulo la Local Government Act la 1998 limalola khonsolo iliyonse kupanga malamulo akeake, ndipo m'mizinda muli oletsa kapena ochepetsa kuweta ziweto m'malo okhala anthu. Zimene zimaloledwa kumudzi kwa Kabudula sizingaloledwe ku Area 47 mumzinda wa Lilongwe.

Akati chilolezo chikufunika

Pemphani fomu ndi mndandanda wa zofunika, ndipo mufunse kuti amalandira mapulani ojambulidwa ndi anthu otani. Funso lomalizali lipulumutsa ndalama zanu, chifukwa pali anyamata odziwa kompyuta amene amajambula zokongola koma osalembetsedwa, ndipo pulani yawo imabwezedwa. Nthawi zambiri pamafunika mapu osonyeza dera limene malowo ali, pulani ya pamalopo yosonyeza malire ndi mtunda wochoka pa chomangacho kufika ku malire, msewu ndi nyumba zina, ndiponso pulani ya chomangacho: maziko, makoma, denga, mazenera ndi ngalande. Amafuna makope angapo, limodzi ndi umboni wa umwini wa malo.

Musamusiye wojambula aganize yekha. Iye amadziwa mizere, koma nkhumba mwina sanaweteko. Musanapite kwa iye, onanani ndi alangizi a zaulimi kapena a ziweto ku EPA (ofesi ya zaulimi ya m'dera) yanu. Ali ndi miyeso ya makola oyenera: malo okwanira chiweto chimodzi, kupendekeka kwa pansi kuti mkodzo uzituluka, mpata wa mphepo, chipinda chopatulirako chodwala. Pa zigafa ndi mabalani, alangizi a ARET, bungwe la kafukufuku ndi ulangizi wa fodya, kapena a kampani imene muli nayo pa kontirakiti ndiwo eni nkhani. Tengani miyeso imeneyo mukampatse wojambula. Ndipo pa pulaniyo dzenje la ndowe ndi njira ya madzi otsukira zioneke bwino, chifukwa a zaumoyo maso awo amayambira pamenepo.

Pali ndalama yolipira kuti pulani iunikidwe, ndipo imasiyana malinga ndi khonsolo ndi kukula kwa chomangacho. Lipirani pa kauntala ya khonsolo kapena ku akaunti yake ya kubanki, mulandire lisiti yosindikizidwa. Panja pa maofesi pamakhala madobadoba olonjeza kuti pepala lituluka mawa mukawapatsa kangachepe. Akaneni. Chidindo chogula kuseri sichidzapezeka m'kaundula tsiku la mlandu, ndipo wopereka chiphuphu ndi wolakwa pamaso pa lamulo chimodzimodzi wolandira. Wina akakuumirizani, nkhani yotere ndi ya ku Anti-Corruption Bureau.

Pulani imayenda m'manja mwa anthu angapo, a mapulani, a zomangamanga, a zaumoyo, a zachilengedwe, isanafike ku komiti imene imagamula. Komitiyo sikhala tsiku lililonse. Funsani tsiku limene ikumanenso, lembani nambala ya faelo yanu, ndipo muzikafunsa mwaulemu pakapita sabata ziwiri zilizonse. N'chifukwa chake mapepala ayambe mukangokolola, mu Epulo kapena Meyi, kuti kumanga kuchitike m'chilimwe. Fodya wa bale amayamba kuthyoledwa cha mu Januwale, ndipo tsamba lokhwima silidikira komiti.

Yankho likhoza kukhala kuvomera, kuvomera ndi mfundo zoti mutsate, kapena kukana. Mfundozo ziwerengeni mofatsa: mwina akuti musunthe khola mamita angapo, mwina akuti muwaitane adzaone maziko musanathire konkire, mwina aika nthawi imene ntchito iyenera kukhala itayamba. Akakana, pemphani zifukwa zolembedwa. Kawirikawiri chimakhala chinthu chokonzeka, ndipo mukhoza kukonza n'kuperekanso. Ngati mukuona kuti sanakuchitireni chilungamo, lamulo limalola kuchita apilo ku Physical Planning Council, ndipo nthawi yochitira apilo ndi yowerengeka, choncho musagone nayo kalatayo.

Zitseko zina zoti mugogode

Chilolezo cha khonsolo sichikupatsani ufulu wodula mitengo. Chigafa chimadya milimo ndi mapaso ambiri, ndipo balani imadya nkhuni kuposa pamenepo. Kudula m'nkhalango yotetezedwa monga Dzalanyama kapena Chimaliro popanda chilolezo cha a zankhalango ndi mlandu pansi pa Forestry Act ya 1997, imene zilango zake zinakhwimitsidwa pambuyo pake. Nkhalango ya m'mudzi nayo ili ndi komiti yake. Mukagula bulugama kwa munthu, akulembereni kalata yosonyeza kumene mitengoyo yachokera, ndipo mufunse ku ofesi ya zankhalango za chilolezo chonyamulira ngolo kapena lole isananyamuke, popeza pa rodibuloko adzafunsa. Njira imene ndimaikonda ndi ya chigafa chamoyo: mumabzala mitengo m'mizere pa miyeso ya chigafa, ikakula n'kukhala nsanamira zokhala ndi mizu. Chimafuna zaka zingapo za kudekha, koma chiswe sichigwetsa ndipo simudzadulanso nsanamira chaka ndi chaka.

Wolima fodya akhale wolembetsedwa ku Tobacco Commission, monga likunenera lamulo la Tobacco Industry Act. Kumanga balani musanadziwe makilogalamu amene mwaloledwa kulima n'kuyerekeza m'chimbulimbuli. Wofuna kukumba mjigo wa pafamu afunse ku National Water Resources Authority. Famu ikakhala yaikulu, ya ziweto zambiri kapena pafupi ndi mtsinje ndi nkhalango, ofesala wa zachilengedwe paboma akuuzani ngati nkhani yanu ikuyenera kufika ku MEPA, bungwe loteteza chilengedwe lokhazikitsidwa ndi Environment Management Act ya 2017. Ndipo khola likatha, ziweto zochokera dera lina zibwere ndi kalata ya a zaziweto. Chigodola cha nkhumba chimalowa m'khola latsopano kudzera pa nkhumba imodzi yogula pamsika popanda pepala.

Pomanga, ndi kwa amene anamanga kale

Mangani chimene chinavomerezedwa. Mmisiri akati "bwana, tingowonjezera chipinda chimodzi, njerwa zatsala", muuzeni adikire mukafunse kaye. Kope limodzi la pulani yodindidwa likhale pamalo a ntchito, ndipo inu mukhalepo tsiku lokhoma zikhomo ndi kukoka chingwe, tepi ili m'manja. Mita imodzi yolowera kwa mnzanu imakonzeka ndi dzanja tsiku limenelo, koma pakatha mwezi imafuna nyundo. Ngakhale chomanga chosafuna chilolezo chimangidwe molimba: denga limangiriridwe kukhoma ndi waya kapena zitsulo zoloweka m'mizere ingapo ya njerwa, osati kungotsamiritsa miyala pamwamba pa malata, ndipo nsanamira zitetezedwe ku chiswe zisanalowe m'dzenje. Shedi yotseguka mbali imodzi mphepo imailowa pansi n'kunyamula denga lonse. Pa nyumba za malonda funsaninso za njerwa, chifukwa malamulo a 2018 a zipangizo zomangira amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa ntchito za boma ndi za malonda.

Ngati munamanga kale popanda kufunsa, musadikire njinga yamoto. Pitani nokha, munene kuti mukufuna kulongosola. Pamene chomangacho sichili m'malire a msewu, pansi pa mawaya kapena pa nthaka ya eni ake, kawirikawiri njira imapezeka: kujambulitsa pulani ya chimene chilipo, kulipira, mwina ndi chindapusa, n'kukonza zimene akulozerani. Mukalandira kalata yoimitsa ntchito, imani tsiku lomwelo, ngakhale matope a simenti atapondedwa kale. Kupitiriza usiku kumasandutsa nkhani yokambirana kukhala mlandu. Onani tsiku lomaliza limene kalatayo yakupatsani, ndipo mukafike ku ofesi tsikulo lisanakwane, mapepala a malo ali m'manja.

Khola langa lachiwiri lili mamita 45 chakumunsi kwa chitsime chija, ndipo dzenje la ndowe lili kuseri kwake, kumene mphepo ya mwera imakankhira fungo kumunda. Kalata ya malo, malisiti, pulani yodindidwa ndi kalata yoimitsa ntchito ija ndinazikulunga m'jumbo n'kuziika m'chitini chotseka bwino, kuopa chiswe ndi kudontha kwa denga. Pepala lililonse ndinalijambulanso pafoni n'kutumizira mwana wanga wamkulu, ndipo mayi a kunyumba akudziwa pamene chitinicho chimakhala.